Dzinja Limene Mandimu Anali ndi Pakati

Kathumba kaja kanali ka neti ya udzudzu, kakang'ono ngati chikhatho changa cha nthawi imeneyo, kosokedwa ndi ulusi wakuda chifukwa woyera unali utatha. Kukamwa kwake kunali kachingwe kofiira kamene amayi anasolola kumpendero wa chitenje chawo. Ndikatsinzina ndimakaonabe kakulendewera pa nthambi ya mandimu kuseri kwa nyumba yathu ku Chinyunyu, katanyowa ndi mame, kakugwedezeka pang'ono ngakhale pamene kunalibe mphepo.

Neti sizinali zosowa pakhomo pathu. Zinali zambiri kuposa anthu ogonamo. Ina inkatchinga anapiye kuti mphamba asawaone, ina inkaphimba mbande za repu, ina inali yokulungidwa kudenga. Ine ndinkayenda nazo matama kwa anzanga, ngati kuti kuchuluka kwa neti ndi chuma. Ndinadziwa nditakula kuti neti iliyonse amayi ankailandira ku sikelo, tsiku limene anamwino atsimikiza kuti ndi oyembekezera. Neti zinkabwera, koma mwana woti agonemo sankabwera. Chibadwire ine, mimba iliyonse ya amayi inkathera panjira. Dzinja limenelo kunafika neti ina yatsopano, yabuluu, yonunkha mankhwala, ndipo wamkulu aliyense m'mudzimo anadziwa tanthauzo lake. Funso linali limodzi lokha, lakuti kaya ameneyu afika. Ine ndinangosangalala kuti tapeza yabuluu.

Ndinali ndisanakwanitse zaka khumi. Atate ankagwira ntchito pa famu ina cha ku Chongwe ndipo ankabwera mwezi ukatha. Pakhomo tinkakhala atatu: amayi, ine, ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, amene kale ankayenda ndi malole mpaka msana unawakana. Nyengo imeneyo ndimaikumbukira ngati munthu amene sanadzuke bwinobwino. Kunali mvumbi wosatha. Masuku anali atatha, bowa ali mbwee m'mabeseni a m'mbali mwa msewu waukulu. Kumadzi otentha, kumene madzi amatumphuka pansi ali moto popanda wowasonkhezera, nthunzi inkasakanikirana ndi nkhungu ya m'mawa, moti azimayi ochapa kumunsi kwake ankaoneka theka, mutu ndi mikono yokha. Pamalopo pankamveka kafungo ka dzira lowola kosakaniza ndi sopo, ndipo mawu a anthu ankandipeza ndisanaone eni ake.

M'nthunzi momwemo ndi m'mene ndinamva mawu aja. Ndinali nditanjuta kuseri kwa mwala ndikutsuka masokosi a kusukulu pamene mayi wina anatchula dzina la amayi.

"Ali na pakati futi."

"Mulungu achite chifundo," anayankha mnzake, "aka kafikeko."

Pakamwa panga panalibe chitseko, ndipo mpaka lero sichinaikidwe. Ndinadzuka n'kufunsa kuti, "Pakati pa chani?" Anandiyang'ana ngati ndatuluka m'madzimo. Mmodzi anandiwaza thovu kumaso n'kunena kuti, "Iwe, makutu! Yenda ukayanike." Ndinapita, koma mawuwo ndinapita nawo. Pakati ndinkapadziwa: pakati pa msewu, pakati pa mphasa pamene ndinkakonda kugona. Sindinkadziwa kuti munthu angathe kukhala napo.

Masiku omwewo mtengo wathu wa mandimu unaphuka nsonga zatsopano, masamba anthete ofiirira, ofewa ngati khutu la kamwana ka mbuzi. Amayi sankachoka pamtengopo. Ankathyola mandimu osapsa, kuwadula pakati, kuwaza mchere n'kumatafuna osatsinzina ngakhale pang'ono, pomwe ine malovu ankadzaza m'kamwa pongowayang'ana. Ndikuwadikira kuti amalize, ndinaona kuti masamba anthetewo anali ndi tinjira. Tinali toyera, tonyezimira ngati podutsa nkhono. Kanjira kalikonse kankayamba kowonda ngati tsitsi, kenako kankanenepa pang'onopang'ono, kukhota, kubwerera, kukhotanso, koma osadzidutsa kokha. M'katikati mwake munali kamzere kakuda. Ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kupukuta, koma sikanachoke. Pamasamba akale olimba panalibe ndi kamodzi komwe.

Ndinapita ndi tsamba limodzi kwa amalume. Munthu ameneyo chilichonse cha padziko lapansi ankachiyeza ndi msewu wa ku Chipata, ngakhale ulaliki wa kutchalitchi unali ndi zitunda ndi zotsetsereka. Analitembenuza tsambalo, nkhope ili phee ngati dokotala, n'kunena kuti awa ndi makhota a ku Manenekela, kumapiri kuja munthu asanafike pa mlatho wa Luangwa.

"Ona," anatero akulondola ndi chikhadabo, "apa ba draiva batsitsa giya. Apa bayamba kupemphera."

Kanjira kameneko kanathera m'kati mwa tsamba, pa kadontho kakuda. Ndinafunsa kuti nanga apa chachitika n'chiyani.

"Aba mabuleki anakana. Sibanafike pa buriji."

Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Amayi, amene ankasankha nyemba pakhonde, anaika lichero pansi n'kulowa m'nyumba. Amalume anakanda m'mutu, nandibwezera tsamba langa.

Amene anandiuza zoona ndi aphunzitsi. Anali mayi wachitsikana amene boma linawatumiza kuchokera ku Lusaka, ndipo nsapato zawo zosongoka zinkamira m'matope m'mawa uliwonse. Tinkawaseka kuseri, koma tinkalimbirana kuwanyamulira chikwama. Nditawaonetsa tsamba latsopano, ananditengera pakhomo la kalasi n'kulikweza kuti dzuwa liwale kumbuyo kwake. Kumapeto kwa kanjira, kumene kanali konenepa, kanthu kanagwedezeka. Kanali kobiriwira, koonekera mkati ngati dontho la mafuta ophikira, ndipo kamutu kake kankapukusa uku ndi uku. Tsitsi linandiima.

Aphunzitsi anaitana kalasi yonse. Anati pali kagulugufe kakang'ono kwambiri, ka mtundu wa akadziwotche aja amazungulira nyali, kamene masana kamabisala kunsi kwa masamba. Kamasankha tsamba lanthete lokhalokha n'kuikirapo kadzira. Dzira likaswa, kambozi sikayendayenda panja, kamaboola pomwepo n'kulowa m'tsamba, ndipo kamadya kakupita kutsogolo. Kanjira kamakula chifukwa mwini wake akukula. Kamzere kakuda kaja ndi chimbudzi chake. Apa kalasi yonse inagwa ndi phwete, ndipo aphunzitsi anadikira kuti titsirize.

"Sikali pamwamba pa tsamba, sikali pansi," anatero. "Kali pakati."

Anyamata anaumirira kuti akufuna kukaona bwino. Aphunzitsi anachotsa pini pa bulauzi yawo n'kung'amba khungu la tsambalo mosamala. Kambozi kanagwera papepala n'kumadzipinda. Anakabwezera pa tsamba, koma sikanathenso kulowa. Pofika nthawi yopuma kanali katauma. Aphunzitsi anakayang'ana kwa kanthawi, nati nthawi yake yotuluka inali isanakwane.

Poweruka ndinathamanga njira yonse, matope akundithimbirira mpaka kumsana. Ndinali nditapeza yankho limene azimayi a kumadzi anandimana, ndipo ndinayamba kulifuula ndisanalowe pabwalo.

"Amayi! Mandimu yathu ili na pakati, monga imwe!"

Amalume ankamwa munkoyo pansi pa mtengo, ndipo unawatulukira m'mphuno. Anatsokomola, kuseka, kutsokomolanso, misozi ili chuchuchu. Amayi sanaseke. Ndinkayembekezera khofi, chifukwa ngakhale sindinkadziwa chimene ndalakwa, nkhope yawo inasonyeza kuti ndaponda poletsedwa. Koma anangopukuta manja pa chitenje n'kunena kuti, "Nionetse." Tinapita kumtengo. Ndinakoka kanthambi monga anachitira aphunzitsi, dzuwa lili kumbuyo. Anayang'ana nthawi yaitali, mpaka mkono wanga unatopa.

"Kayenda," anatero motsitsa mawu. Dzanja lawo linali pamfundo ya chitenje.

Ndinayamba kuwafotokozeranso za pini ndi kambozi kouma kaja, koma anandidula. "Izo usaniuze."

Patapita masiku masamba ambiri anapiringizika, ndipo amalume anagamula kuti mtengo wadwala. Anatulutsa pampu ndi mankhwala otsala a ku dimba la tomato. Anapeza amayi ataima kutsogolo kwa mtengo, manja ali m'chiuno.

"Imwe, bwezani pampu. Mtengo siufa na tumizere."

Amalume anali munthu woti ankatsutsana ngakhale ndi apolisi a pamsewu, koma tsiku limenelo anatembenuka ndi pampu yawo kumsana n'kukaipachika. Ndipo amayi ananena zoona, mtengowo ulipo mpaka lero.

Kuyambira pamenepo tinakhala ndi ntchito yathu ya awiri. Amayi anasankha tsamba limodzi n'kumanga kachingwe kofiira pa phesi lake. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu tinkapita kukaona kuti mlendo wathu wafika pati. Tinkapeza wawonjezera khota lina, kapena wafika pa msana wa tsamba n'kubwerera, chifukwa pamenepo n'polimba. Mvula inkamenya tsambalo usiku ndi usana, koma iye m'katimo anali pouma. Ndikaweruka ndinkagona chagada pansi pa mtengowo n'kumaganiza kuti ndine amene ndili m'tsamba. Kumwamba kubiriwira, pansi kubiriwira, kuwala kukubwera kofewa kuchokera mbali zonse, nyumba yako ndiyo chakudya chako, palibe wokutuma kumadzi. Mabasi a ku Chipata ankamveka kutali ngati mkonono wa munthu wogona chipinda china. Nthawi zina ndinkadzidzimuka n'kupeza amayi atakhala pambali panga pa kampando, maso ali m'masamba, akung'ung'udza kanyimbo kopanda mawu.

M'mawa wina kamutu kaja sikanapukuse. Tinadikira, tinaligwedeza tsambalo, koma ayi. Mawa lake pamalopo panali patada. Aphunzitsi anandiuza kuti pali timavu tating'ono kwambiri timene timabaya khungu la tsamba n'kupha kambozi kali mkati, ndiponso nyerere zimang'amba n'kukatulutsa. Anati ambiri safika kumapeto. Ndinakawauza amayi. Anamasula kachingwe kofiira n'kukamanga pa tsamba lina, zala zawo zikulimbana ndi mfundo imene inkawavuta.

Lero nanenso ndine mayi, ndipo ndikakumbukira zala zimenezo ndimafuna kubwerera, kuwagwira paphewa n'kuwauza kuti asaike mtima wawo pa kachilombo. Zimandikwiyitsanso kuti palibe wamkulu amene anaona. Koma ndikaganiza bwino mkwiyo umatha. Kwathu mimba satchula. Sugula chitenje cha mwana, suluka kachipewa, susankha dzina, kuopa kuti ungaitane tsoka. Mayi amanyamula mantha ake miyezi yonseyo pakamwa pali potseka. Patsamba paja pokha ndi pamene amayi ankatha kunena mokweza kuti "kakula," kapena "lero kayenda bwino," popanda wowadzudzula. Ine ndinkayesa kuti ndapeza mnzanga wosewera naye.

Kambozi kachiwiri kanali kamwayi. Kanakhotakhota mpaka kanafika m'mphepete mwa tsamba. Kumeneko kanapinda kam'mphepeteko monga amachitira telala popinda mpendero, kanamata ndi ulusi wake woyera n'kubisala. Aphunzitsi anati m'menemo kagona kaye, ndipo kadzatuluka ndi mapiko, koma ngati tikufuna kudzakaona tiphimbe nsongayo ndi chinthu cholowa mphepo. Madzulo ake amayi anatsitsa neti ija inali kudenga, anaikung'untha fumbi, anadula kachidutswa n'kusoka kathumba. Ankasoka pang'onopang'ono, mosamala kuposa m'mene ankasokera yunifomu yanga. Atamaliza anaveka nsonga ija n'kumanga kukamwa ndi kachingwe kofiira.

Tsiku limene zinachitika kunali dzuwa, loyamba pambuyo pa mvumbi wautali, ndipo mudzi wonse unayanika zofunda. Amayi ankachokera kumadzi otentha, beseni la zochapa lili pamutu. Atafika pakati pa bwalo anaima. Anatula beseni pang'onopang'ono ngati muli mazira, kenako anakhala pansi pa dothi lonyowa. Anaitana amalume ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo. Amalume, ndi msana wawo wokana uja, anathamangira kumsewu, anaima pakati pa phula manja ali m'mwamba mpaka minibasi inaima. Azimayi awiri apafupi anawagwira amayi m'khwapa. Akudutsa pamene ndinaima, kukamwa kuli yasa, amayi anatembenuka.

"Usamasule kathumba," anatero.

Sindinamasule. Mayi wina woyandikana nafe ankabwera kudzandiphikira, ndipo ndikamufunsa ankangoti amayi apita kuchipatala kukalandira mankhwala a malungo. Ine ntchito yanga inali kulondera. Ndinkapirikitsa nkhuku, ndinkathyola nthambi iliyonse imene nyerere zikanadzerapo, ndinkayang'ana m'timabowo ta neti mpaka maso kuwawa. Mpendero uja unali chitsekere, wasanduka wofiirira pang'ono.

Amayi anabwera patapita masiku angapo, akuyenda ngati nthaka ndi yoterera. Atate anali pambali pawo atanyamula kapulasitiki, pamene mwezi unali usanathe. Azimayi anayamba kufika awiriawiri. Ankakhala pakhonde miyendo atatambasula monga amakhalira pamaliro, koma panalibe wolira, panalibe nyimbo, ndipo ine anandiletsa kulowa m'nyumba. Makutu anga anagwiranso ntchito yawo. "Papita padera," ankanong'onezana. Mawu amenewa sanandivute, chifukwa amalume ankakonda kunena za katundu amene wapita padera pa galimoto ina. Ndinaganiza kuti pali chimene amayi anasiya m'mbuyo ndipo chibwera pachokha. Madzulo ake ndinakakhala pa chulu choyang'ana kumsewu, n'kumaona minibasi iliyonse ngati iima. Pobwerera ndinaona pazenera atate akukulunga neti yabuluu ija n'kuiika kudenga.

M'mawa mwake kunagwa nkhungu yochindikala, yonga ya kumadzi otentha. Ndinapita kumtengo monga mwa masiku onse, ndipo poyamba sindinaone chachilendo. Kenako ndinaona kuti pampendero paja patulukira kakhungu kouma, kopanda kanthu mkati. Ndinayang'ana m'kathumba monse. Pakona ya m'mwamba panali kanthu koyera, konyezimira, kochepa kuposa njere ya mpunga. Mapiko ake anali ndi timanyenje tofewa, ndipo kumapeto kwake kunali kadontho kakuda ngati diso. Ndinakhumudwa pang'ono ndi kuchepa kwake, sindinama. Makhota onse aja, kudikira konse kuja, n'kutuluka kanthu koti ukayetsemula kasowa. Koma kanasuntha timiyendo take, ndipo mtima wanga unalumpha.

Ndinaiwala kuti anandiletsa. Ndinalowa m'nyumba, ndinadutsa atate amene ankawodzera pampando, ndinagwira dzanja la amayi n'kuyamba kukoka. Anali maso, akuyang'ana kudenga. Sanandikalipire. Anadzuka movutika, anadzifunda chitenje kumutu, natuluka opanda nsapato akugwira khoma. Pamtengo paja anawerama n'kuyang'ana m'kathumba, ndipo mpweya wawo unagwedeza neti.

"Kafika, amayi!" ndinatero ndikudumphadumpha. "Tina tonse tunafa, koma aka kamodzi kafika!"

Anamasula kachingwe kofiira n'kuvula kathumba pang'onopang'ono. Kagulugufe kanakhala kaye pa neti, ngati sikakudziwa kuti khomo latseguka. Kenako kanadzuka, kanazungulira nsonga ya mtengo, kakuoneka ndi kusowa m'nkhungumo.

"Eee," anatero amayi, "kamodzi kanafika."

Anandigwira padzanja mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa. Ndinaloza ndi dzanja linalo, ndikuwauza kuti ayang'ane uko, msanga, kasanapite. Sanatembenuke. Ndipo ndinawakwiyira m'mawa umenewo, ndinakwiya mpaka misozi, kuti chinthu chimene tinachidikira dzinja lonse chinali kuuluka pamwamba pathu, iwo n'kumangoyang'ana ine.